Kanyerere Kuseri kwa Chikwangwani

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mnzanga amene tinkakhala benchi imodzi kusukulu. Ndinanamiza bambo anga. Sindikunena bodza la mwana amene wanyambita shuga n'kupukuta pakamwa ayi. Anandifunsa chimene maso anga akuona, chifukwa awo anali atachita ng'ala, ndipo ine ndinatchula chinthu chimene panalibe. Ndinatero maulendo makumi awiri ndi awiri, tsiku limodzi.

Zinayamba Lolemba lina m'mawa, tiyi ali patebulo.

"Masiku khumi," anatero achimwene akugogoda foni pambale. "Msika watsopano akutsegula pakatha masiku khumi. Komiti ikufuna zikwangwani makumi atatu, wogulitsa aliyense chake. Ine ndavomera kale."

"Wavomera ndi manja a yani?" anafunsa bambo.

"Manja alipo. Anu, anga, ndi a Chete."

Chete ndine. Dzinali anandipatsa ndili wamng'ono chifukwa alendo akabwera ndinkabisala kuseri kwa chitseko. Ndinali nditangolemba mayeso omaliza, ndipo podikira zotsatira ndinkagwira ntchito m'shedi ya bambo, mmene akhala akulembera zikwangwani kuyambira ndisanabadwe. Achimwene anabwerako kutauni chaka chatha, n'kuyamba kujambula ntchito za bambo pafoni ndi kuonetsa anthu. Kunena zoona, ntchito inachuluka chifukwa cha iwo. Zimenezo sindingawamane.

Bambo anatukula zala. "Thabwa limafuna penti yoyera yapansi kawiri, ndipo ulendo uliwonse iume masiku awiri. Kenako mtundu, kawirinso. Kenako zilembo. M'shedi mwathu mumagona matabwa asanu ndi atatu basi. Werenga wekha, iwe unapita kusukulu."

"Ena tikayala kubwalo kwa kalipentala. Ndalankhula naye."

"Matabwa ouma ali nawo?"

"Apezeka."

"Apezeka si mtengo umene ndikuudziwa. Mwana wanga, kuthamanga sikufika."

"Nanga kukhala pansi ndiye kufika?" Achimwene anaseka. "Zaka zonsezi mwakhala mukulemba mayina a anthu, iwo n'kulemera, inu denga likudontha. Dokotala anati ng'alayo imachotsedwa. Tichotsa ndi chiyani? Ndi miyambi?"

"Maso anga alipo. Si awo akhala apowo?" Analoza kumene ndinakhala, koma chala chinaphonya pang'ono, chinaloza kabati.

Amayi anaika kapu pansi mwamphamvu. "Inu nonse awiri mitu yanu ndi matabwa. Abambo ake, mwanayu sakukunyozani, akufuna muone. Iwenso, polankhula ndi bambo ako uzichotsa chala m'mwamba. Tiyi akuzizira."

Bambo anakhala kanthawi akuzunguza kapu m'manja. Kenako anati, "Chabwino. Asanu ndi atatu ndipaka ine kuno. Enawo upake iwe kwa kalipentala. Penti yoyera ndisakaniza ndekha, ukangopaka. Koma palibe thabwa lotuluka lisanakumane ndi msomali."

Za msomalizi ndifotokoze. Chikwangwani chikatha, bambo amachitembenuza n'kukanda pakona yakuseri ndi msomali, kamzere kakang'ono ngati chikhadabo. Ngati pansi pa mtundu paoneka choyera, ndiye kuti thabwalo lavala malaya amkati, mvula silingaiope. Akatero amajambula kanyerere pambali pa kamzereko: timadontho titatu ndi timiyendo tisanu ndi kamodzi. Kanyerereko ndi lonjezo lawo. Chikwangwani cha nyerere chikasupuka zaka zisanu zisanathe, amachilembanso osafunsa kanthu. M'zaka zonsezo anabwezeredwa chimodzi chokha, ndipo chimenecho chinagundidwa ndi lole. Maso atayamba kuchita chifunga, zilembo zazikulu ankazilembabe, dzanja linkadziwa njira. Koma kamzere koyera sankakaonanso. Ankakanda iwo, kuona ndinkaona ine, ndipo kanyerere ndinkajambula ine, iwo atagwira phewa langa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi bambo anandituma kwa kalipentala kukaona ngati matabwa auma, kuti ndiyambe kulemba mizere ya choko. Ndinapeza onse makumi awiri ndi awiri atatsamira mpanda, abuluu, akunyezimira. Ndinasangalala. Kenako ndinapita kuseri kwa mulu wa utuchi kukafuna nsanza, ndipo ndinapeza ndowa ya penti yoyera imene bambo anasakaniza. Inali yodzaza mpaka pakhosi, pamwamba patachita chikopa, ntchentche ziwiri zitafera pomwepo.

Achimwene anandipeza nditaima pamenepo.

"Wabwera kudzafufuza?"

"Achimwene, penti yoyera simunapake?"

"Tsitsa mawu. Matabwa afika dzana, komanso ngosauma bwino. Ndikanapaka yoyera kawiri, msika akanatsegula ife tikuuzira matabwa ndi pakamwa. Ndapaka buluu wokhuthala, ndakwecha ndi sandipepa, ndapakanso. Gwira. Wasalala ngati tsaya la khanda."

"Koma mvula..."

"Mvula ili kutali. Komanso pamsika pali denga."

"Denga silinafike kumabenchi akunja."

"Iwe Chete, lero wapeza pakamwa?" Anandigwira dzanja n'kundikhazika pathabwa. Mawu anawafewetsa. "Mlongo wanga, tamvera. Ukuganiza ine sindiwakonda bambo? Sabata yatha anathira mchere m'tiyi, iwe unaona. Amayi anatembenuka kuti asaonetse misozi. Ntchito iyi ikatheka, mwezi wamawa ndiwatengera kuchipatala. Akadzaona, adzakuona iweyo nkhope. Sukufuna?"

"Ndikufuna."

"Ndiye akakanda, iwe ungoti chilipo. Mawu amodzi. Ukakana, akomiti apita kwa anthu a makina kutauni, ndipo sadzabweranso. Ng'ala ikhala pomwepo, ndipo woisunga ukhala iwe."

"Nanga zikadzasupuka?"

"Sizisupuka. Koma zitati zatero, ndidzaima ine pamaso pa bambo n'kunena kuti ndinachita ndine. Iwe dzina lako silidzatuluka. Ndikulumbira pa bele la amayi limene tinayamwa tonse."

Ndinawakhulupirira. Ndi achimwene amene ankandibereka kumsana powoloka mtsinje popita kusukulu. Ndikanakhulupirira ndani?

Masiku atatu otsatira tinalemba zilembo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinkamenya mizere ndi chingwe cha choko n'kulemba zing'onozing'ono, bambo zazikulu. Ankaimba pansipansi. Ankandiphunzitsa kuti potembenuza bulashi pamimba pa chilembo usapume, ukapuma dzanja limadziwa. Tsiku lachisanu ndi chinayi tinaimika zikwangwani zonse pakhoma, kumbuyo kuli kunja, bambo n'kutulutsa msomali wawo m'thumba la malaya.

Zisanu ndi zitatu zoyamba sizinavute. Atafika pa chachisanu ndi chinayi anagogoda ndi chala n'kupendeketsa mutu.

"Ili likumveka ngati lakhuta madzi."

"Ndi mtengo wina umenewo, bambo," anatero achimwene. "Ngolemera mwachibadwa."

Bambo anaika msomali pakona. Anakanda, n'kutembenukira kwa ine. "Maso anga, ukuona chiyani?"

Ndinaona mtengo. Wachikasu, wonyowa, ngati mnofu. Ndinayang'ana achimwene. Iwo analoza maso awo ndi zala ziwiri, kenako analoza bambo.

"Choyera chilipo."

"Jambula."

Dzanja lawo linali paphewa langa, lofunda. Ndinajambula timadontho titatu. Pa chikwangwani chachitatu cha kwa kalipentala mawu anga anayamba kunjenjemera, bambo n'kuti, "Watopa, mwana wanga. Limba, tatsala pang'ono." Pofika pa chakhumi anali asakunjenjemeranso. Chimenechi ndiye chimandiopsa kwambiri ndikakumbukira, kuti pakamwa pamazolowera msanga.

Tsiku lotsegulira msika bambo anavala jekete. Ndinawagwira dzanja tikuyenda pakati pa mabenchi, ndikuwawerengera: wogulitsa nsapato, wokonza mafoni, wometa, wa zitsulo. Anthu ankawaitana, "A Mmisiri! Dzanja lanu silikalamba!" Anthu asanu ndi mmodzi anapatsa achimwene ntchito zatsopano tsiku lomwelo. Pobwerera bambo anagwira achimwene paphewa n'kuti, "Ndinakukayikira. Mawu a akulu akoma akagonera, koma nthawi zina a ana nawonso." Achimwene anaseka bwinobwino, osaphethira.

Mvula inabwera patatha milungu iwiri. Inagwa masiku anayi, kenako dzuwa linatuluka lolusa. Ine ndinasiya kudutsa njira yakumsika. Amayi akandituma ndinkazungulira kumbuyo kwa chigayo.

Woyamba kufika anali mayi wosoka zovala, mnzawo wa amayi, amene anandisokera yunifolomu yanga yoyamba. Anabwera atasenza chikwangwani pamutu, n'kuchigwetsa pakhomo pa shedi.

"A Mmisiri, odi! Ndabweretsa mwana wanu, wadwala khate."

Thabwa linali litapindika ngati bwato. Penti inali itatupa matuza, ina ikulendewera. Pa dzina la shopu yawo panatsala zilembo zitatu.

"Zaka khumi ndi zisanu ndasoka pakhonde la eni," anapitiriza. "Tsiku limene ndapeza benchi yangayanga, ndinati chikwangwani ndikalembetsa kwa a Mmisiri, cha nyerere. Mwana wanga anachijambula n'kutumiza kwa abale onse. Lero ometa akundifunsa ngati ndimasokanso chonchi. Chikomekome cha mkuyu! Ndinene zotsalazo?"

Bambo anagwada. Anayendetsa manja pathabwapo pang'onopang'ono, ngati akufufuza malungo pa mwana. Chala chinalowa pansi pa tuza, penti n'kusupuka yonse mpaka pamtengo. Kachidutswa kena kanagwera pafupi ndi phazi langa. Kanali kabuluu mbali zonse ziwiri. Ndinakaponda.

"Chanu chokha, mayi?" anafunsa bambo.

"Changa chokha? Dikirani wapampando wa komiti, akubwera ndi ngolo."

Anabweradi masana, ndi zikwangwani makumi awiri ndi chimodzi pangolo, ndi amalonda ena asanu kumbuyo kwake. Aneba anatuluka kudzaima kumpanda. Amayi anatulutsa mipando koma palibe anakhala.

"Ife sitinabwere kudzakangana," anatero wapampando, bambo wamfupi wa chipewa. "Tinasiya anthu a makina chifukwa cha dzina lanu. Tingofuna kumva: chachitika n'chiyani?"

Ndinayang'ana achimwene. Mumtima ndinamva kampumulo. Ndinati nthawi ija yakwana, anena, zithe. Iwo anatsokomola, anapita patsogolo, anapinda manja mwaulemu.

"Akuluakulu, pepani kwambiri. Mlanduwu ndi wa pakhomo pano, sitikukana. Ndinayesetsa kubisa chifukwa ndi bambo anga, koma madzi afika m'khosi. Bambo maso anafa. Penti yapansi anasakaniza okha, sanalole munthu kuwathandiza. Pashelefu paja pali mabotolo ofanana, ena a mafuta osungunulira penti, ena a palafini, ena a mafuta a njinga. Ine ndinangopaka chimene anandipatsa. Mwana angatsutse bambo ake?"

Maso a anthu onse anapita kwa bambo.

"Zisanu ndi zitatu zija zili bwino," anatero bambo motsitsa.

"Imeneyo inali ndowa yoyamba, bambo. Yachiwiri munasakaniza kukuda kale, mukukumbukira? Ndinakuuzani kuti tidikire."

Sanawauze zimenezo. Ndinalipo. Koma bambo anayamba kugwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akufunafuna chinthu m'thumba lobooka.

"Mwina mnyamatayu sanapake n'komwe," anatero mayi wosoka uja. "Achinyamata a masiku ano ndimawadziwa, ndili nawo awiri."

"Ayi, mayi," anayankha bambo, ndipo apa mawu awo analimba. "Anapaka. Ndinakanda thabwa lililonse, ndipo mwana wanga wamkaziyu anaona choyera. Uyu sanama. Chibadwire sanandinamizepo. Ngati anaona choyera, ndiye kuti choyeracho chinali chowola, ndipo wochiwoletsa ndine."

Anthu onse anandiyang'ana. Mayi wosoka anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa ena. Ndinayang'ana zala zanga zakumapazi.

Bambo anavula chipewa chawo pamaso pa wapampando, munthu amene iwo anamuphunzitsa kugwira bulashi ali mnyamata. "Nyerere yanga ili kuseri kwa zonsezi. Zidzalembedwanso. Ndikhululukireni, ndinakakamira ntchito maso atandisiya."

Anthu atapita, ndinatsatira achimwene kuseri kwa nyumba kumene ankasamba m'manja.

"Munalumbira."

"Ndinalumbira kuti dzina lako silidzatuluka. Latuluka?"

"Munati mudzanena kuti ndinu."

"Ndiye mawa tidye chiyani? Tamvera, sukulu yako ija sinakuphunzitse izi. Nkhalamba ikalakwa chifukwa cha maso, anthu amamva chisoni. Mnyamata akalakwa chifukwa cha changu, amati ndi wakuba. Ntchito zisanu ndi imodzi zija zikanathawa lero lomwe. Ndapulumutsa nyumba ino."

"Ndikawauza."

Anapukuta manja pathalauza, osafulumira. "Pita. Ukawauze kuti amene anati choyera chilipo ndi ndani. Amene anajambula nyerere ndi ndani. Ine sindinawanamize maso ndi maso, wawanamiza ndiwe, dzanja lawo lili paphewa pako. Wamva mmene akukutamira? Panopa ataya ntchito yokha. Ukalankhula ataya ndi mwana yemwe. Ukawapha ndiwe."

Anandisiya pamenepo. Ndinatsuka beseni limene anasambiramo, sindikudziwa chifukwa chake.

Kuyambira tsiku limenelo bambo sanalowenso m'shedi. Ankakhala pakhonde, manja ali pamaondo. Manja amenewo ndinali ndisanawaonepo opanda penti. Pofika sabata yachiwiri anayera, zikhadabo n'kukhala ngati za m'busa wa mpingo. Amayi akawapatsa kapu ankafunsa kaye, "Ndi chiyani ichi?" ngakhale fungo likumveka. Tsiku lina ndinawapeza akununkhiza mabotolo a pashelefu amene anapempha amayi kuti awatulutsire, limodzilimodzi, akudzifunsa okha, "Kodi linali ili? Kapena ili?"

Amayi anandipeza ndikulira pochapa. "Usadziimbe mlandu, mwana wanga," anatero. "Iwe unanena chimene unaona. Koma ulankhuleko ndi bambo ako, akusowa mawu ako. Mbewa yamanyazi inafera kuuna." Ndinangomiza manja m'thovu.

Za kuchipatala ndinafunsa achimwene kamodzi. Anati, "Ng'ala sithawa, tiyambe takonza za msika." Lachisanu lotsatira galimoto inaima pakhomo, anyamata awiri n'kutsitsa bokosi lalitali. Munali makina odulira zilembo zomata. Anawaika patebulo la bambo, pamene panali zitini za mabulashi. Zitinizo anaziika pansi, pakona.

Mawa lake achimwene anaitana tonse m'shedi. Anabweretsa bambo atawagwira mkono, mwaulemu wonse, n'kuwakhazika pampando. Makina analira ngati njuchi, ndipo m'kanthawi kochepa anatulutsa dzina la shopu ya mayi wosoka, zilembo zofiira zofanana ngati mapasa. Achimwene anazimata palata lopakidwa kale kufakitale.

"Gwirani, bambo. Makumi awiri ndi ziwiri zonse zitha mawa. Palibe kudikira kuti ziume, palibe kusakaniza."

Bambo anagwira. "N'zosalala," anatero. "Sindikumva pamene munthu anapumira."

"Ndiye ubwino wake. Chatsala n'chimodzi. Anthu akufunabe nyerere. Wapampando wanena kuti popanda nyerere salandira. Komanso pa foni ndinalemba kuti zathu n'zolembedwa ndi manja, ndipo kanyerereko n'kamene kamawatsimikizira. Ndiye ndimati mundipatse chilolezo. Chete akajambule papepala, ndikalowetse m'makina, tizingomata."

"Popanda msomali?" anafunsa amayi.

"Lata salikanda, amayi."

"Koma zimenezi si zamanja, mwanawe."

"Pomata ndimamata ndi mapazi?"

"Usandiyankhe ngati mnzako wa kumpira!"

"Musiyeni, amayi ake," anatero bambo. "Ine ndilibenso pakamwa pa nkhani ya nyerere. Ndinaiika pa zinthu zowola makumi awiri ndi ziwiri. Amene waipitsa chitsime sauza anzake pokatunga." Anapisa dzanja m'thumba la malaya n'kutulutsa msomali uja. Unali utafupika ndi zaka, kumutu kukunyezimira. Anautambasulira kumene kunali achimwene. "Tenga. Ngakhale usaugwiritse ntchito, usautaye. Amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma kuno zatembenuka: wadya ndine, ndipo sindikufuna zipote inu. Dzinali ulisamale kuposa mmene ndalisamalira ine."

Achimwene anatambasula dzanja. Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Ndinawayang'anitsitsa kufuna kuona ngati chikope chigwedezeka, chifukwa chikanagwedezeka mwina ndikanakhalabe chete. Anangoti, "Zikomo, bambo," ngati akulandira chenji.

"Maso anga," anatero bambo, "tenga pepala. Umujambulire bwino, miyendo isanu ndi umodzi. Bwera pafupi ndikugwire, kotsiriza."

Ndinatenga pepala ndi kabulashi kakang'ono. Ndinagwada pambali pa mpando wawo. Dzanja lawo linafufuza m'malere mpaka linapeza phewa langa. Linali lopepuka, lozizira, losanunkha penti. Ndinaviika bulashi. Dontho linagwera papepala ndisanafune.

"Chete, fulumira," anatero achimwene. "Makina akudya magetsi."

Ndinaika bulashi pansi.

"Bambo."

"Ee, mwana wanga."

"Chete," anatero achimwene, mawu atasintha. "Ganiza bwino."

Mawu anga anatuluka aang'ono kwambiri moti amayi anawerama kuti amve. "Simunalakwitse botolo. Ndowa yanu ili kwa kalipentala, kuseri kwa utuchi, yodzaza. Sinapakidwe pathabwa ngakhale limodzi."

"Akunama! Mwanayu mutu wasokonekera ndi mayeso..."

"Khala chete iwe!" Anali amayi, akuloza achimwene. Sanakuwepo choncho chibadwire changa. Makina okha ndiwo anapitiriza kulira.

Dzanja la bambo silinachoke paphewa langa. Linangolemera.

"Koma unaona choyera," anatero. Sanali kundikalipira. Ankandipempha.

Ndinkafuna kunena za ng'ala, za lumbiro la achimwene, za chipatala, zonse zimene zikanandichepetsera mlandu. Zinali pakamwa pomwepa. Koma iwo sanafunse zimenezo.

"Sindinaone, bambo."

"Thabwa liti?"

"Onse. Makumi awiri ndi awiri."

Kunja mwana wa aneba ankayendetsa mpira pamchenga. Kenako bambo anatembenuza nkhope, maso awo otuwa aja n'kundipeza ndendende, osaphonya.

"Nena bwinobwino, ndimve ndi makutu anga. Ndinakanda, ndinakufunsa. Unaona chiyani?"

Ndinadzutsa mutu.

"Ndinaona mtengo, bambo. Mtengo wauwisi. Ndinakunamizani ndine."